Kodi Vinland wa m'masaga anali pati kwenikweni?

Aphunzitsi Mbewe

Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu lino. Pa zaka zimene ndinkaphunzitsa mbiri kusekondale, mutu wa maulendo a Azungu opita ku America tinkauyambira pa Columbus ndi chaka cha 1492, ndipo za anthu a Norse, anthu akale a ku Scandinavia, Iceland ndi Greenland, tinkangozitchula modutsa ngati mphekesera. Tsopano popeza ndinapuma pa ntchito, ndapeza mpata wowerenga nkhani ziwiri zakale za ku Iceland zofotokoza maulendowo, zimene eni ake amazitcha masaga: Saga ya Anthu a ku Greenland ndi Saga ya Erik Wofiira. Zonse ziwiri zikugwirizana pa mfundo yakuti cha m'ma 1000 anthu ochokera ku Greenland anayenda pangalawa kulowera kumadzulo ndi kumwera, ndipo anapeza maiko atatu motsatizana. Loyamba analitcha Helluland chifukwa cha miyala yake yaphanthiphanthi, lachiwiri Markland chifukwa cha nkhalango, ndipo lachitatu Vinland chifukwa cha mphesa zomera zokha. Saga yoyamba ija imafotokozanso kuti munthu wina wa ku Germany dzina lake Tyrkir, amene analera Leif Eriksson, mwana wa Erik Wofiira ndi mtsogoleri wa ulendowo, anasowa tsiku lina ndipo atabwerera anali wosangalala kwambiri chifukwa anapeza mphesa, chipatso chimene ankachidziwa kuchokera kwawo.

Chimene chandiimitsa mutu n'chakuti malo okhawo a ku North America amene akatswiri ofukula zinthu zakale amavomereza kuti ndi a anthu a Norse, L'Anse aux Meadows, ali pansonga ya kumpoto kwa chilumba cha Newfoundland ku Canada, kumene mphesa sizimera ndipo chisanu chake n'choopsa, pamene saga ikunena kuti ku Vinland kunalibe chisanu choti n'kupha udzu ndipo ziweto zikanatha kudya panja chaka chonse. Ndiye funso langa ndi ili: kodi ofukulawo anapeza malo a m'saga, kapena anapeza malo ena ndipo dzina la m'saga anangowamata? Amene mwawerenga zambiri kuposa ine, ndithandizeni.

Mayi Nachisale

Zikomo aphunzitsi chifukwa cha funso limeneli. Ine ndimakhala ku St John's, ndipo ndinapitako kumaloko pagalimoto, ulendo wa makilomita oposa 1,000 ngakhale kuti ndi chilumba chomwechi. Munthu ukafika umayamba wadabwa ndi kuchepa kwa zooneka ndi maso: ndi dambo la udzu wamfupi m'mphepete mwa nyanja, pamene kamtsinje kotchedwa Black Duck Brook kamathira mu Epaves Bay, ndipo nyumba zenizenizo zatsala timizere totukuka pansi ngati mizere ya m'munda umene unasiyidwa kalekale. Nyumba zimene alendo amalowamo ndi kujambulamo zithunzi n'zomangidwa masiku ano chapambali, potsanzira zakalezo. Kunja kukayera, gombe la Labrador limaoneka patsidya.

Mmene malowa anapezekera n'zimene zikuyankha mbali ina ya funso lanu. Helge Ingstad, wa ku Norway, sanafike pamenepo mwangozi. Iye anawerenga malangizo a kayendedwe ka ngalawa amene ali m'masaga, anaonanso mapu akale a ku Skálholt ku Iceland amene amaonetsa nsonga yaitali yotchedwa ndi dzina la Vinland, ndipo anayenda m'magombe akufunsa asodzi ngati ankadziwa za mabwinja alionse. Mu 1960 bambo wina wa m'mudzimo, George Decker, anamulondolera ku timilu timene anthu a kumeneko ankatiyesa msasa wakale wa eni nthaka. Kuyambira 1961 mpaka 1968 ntchito yofukula inatsogoleredwa ndi mkazi wake, Anne Stine Ingstad, amene ndiye anali katswiri weniweni wa ntchitoyo, ngakhale kuti dzina lotchuka m'manyuzipepala linali la mwamunayo. Anapeza nyumba zisanu ndi zitatu zomangidwa ndi zigulumwa za dothi lokhala ndi udzu wake, kamangidwe kofanana ndi ka ku Iceland ndi ku Greenland, ndipo zitatu mwa izo zinali nyumba zazikulu zogonamo anthu ambiri.

Komabe makoma okha sakanakhutiritsa okayika. Chimene chinathetsa mkangano ndi tinthu ting'onoting'ono. Mu 1964 anapeza kamwala kofewa koboola pakati, kamene amayi a Chinorse ankalemeretsera kamtengo kopotera ulusi, ndipo mu 1968 anapeza chomangira chofunda chamkuwa chokhala ndi mphete kumutu, cha mtundu umene unkavalidwa m'maiko a Chinorse nthawi imeneyo. Patsidya pa kamtsinje panali ng'anjo yosungunulira chitsulo chotapidwa m'dambo, luso limene eni nthaka a derali analibe. Bungwe la Parks Canada linafukulanso kuyambira 1973 mpaka 1976, ndipo mu 1978 UNESCO inaika malowa pa mndandanda wake woyamba wa malo ofunika padziko lonse. Choncho zakuti malowo ndi a anthu a Norse, aphunzitsi, musazikayikire. Funso la dzina ndiye lina.

Tamanda

Aphunzitsi, mundilole ndilowererepo ngakhale ndili wamng'ono pagulu pano. Ndikuona kuti tikuwapatsa masagawa ulemu umene mapu okha ndiwo ayenera kulandira. Maulendowo anachitika cha m'ma 1000, koma nkhanizo zinalembedwa m'zaka za m'ma 1200, patapita mibadwo isanu ndi iwiri kapena kuposa, ndipo zikopa zimene zatifikira n'zamtsogolonso: Saga ya Anthu a ku Greenland ili m'buku la Flateyjarbók lolembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, pamene ya Erik ili mu Hauksbók ndi Skálholtsbók. Nthawi yonse ya pakatiyo nkhanizo zinkayenda pakamwa, m'mabanja amene anali ndi chifukwa chokometsera makolo awo.

Taonani mmene ziwirizo zikutsutsirana. Ina ikuti woyamba kuona mtunda anali Bjarni Herjólfsson, amene sanatsike n'komwe m'ngalawa, ndipo Leif anagula ngalawa yakeyo n'kukafufuza ndi anthu 35. Inzake ikuti Leif anasochera yekha pochokera ku Norway ndipo Bjarni samutchula m'pang'ono pomwe. Ina ikuti Thorvald, mbale wake wa Leif, anafa ndi muvi wa eni nthaka amene iwo ankawatcha Skraeling. Inzake ikuti anamulasa ndi cholengedwa cha mwendo umodzi. Freydis, mlongo wake wa Leif, m'nkhani ina ndi chigawenga chimene chinapha akazi asanu ndi nkhwangwa, pamene m'nkhani inzake ndi ngwazi yoyembekezera imene inathamangitsa adani podzimenya pachifuwa ndi lupanga. Hauksbók inalembedwa ndi Haukr Erlendsson, amene ankadziwerengera kuti ndi mbadwa ya Thorfinn Karlsefni, mmodzi wa atsogoleri a maulendowo, ndipo n'zosadabwitsa kuti m'saga ya m'bukulo Karlsefni ndiye mwini nkhani. Ngati mboni ziwiri zikusiyana chonchi pa amene anapita ndi mmene anafera, tingazikhulupirire bwanji pa za mphesa ndi chisanu?

Aphunzitsi Mbewe

Mwayankhula zomveka mwana wanga, ndipo za Haukr sindinkazidziwa. Koma ndikukumbutseni kuti mphesazo sizinayambire m'masaga. Adam wa ku Bremen, polemba m'Chilatini cha m'ma 1075, anati mfumu ya ku Denmark inamuuza za chilumba chotchedwa Winland kumene mphesa zimamera zokha. Pamenepo panali patangopita zaka makumi ochepa chichitikireni maulendowo, ndipo n'kutheka kuti ana a amene anapitawo anali adakali moyo. Mboni zikasiyana pa zambiri koma n'kugwirizana pa chimodzi ndi mboni yachitatu imene sinakumane nazo, chimodzicho sichitayidwa msanga.

Bambo Jere

Aphunzitsi akunena zoona, ndipo nthaka yeniyeniyo ikuwaikira kumbuyo. Ingstad mwiniwake anavutika ndi funso lomweli, ndipo anathawira ku maganizo akuti dzinalo silinena za vinyo koma za msipu, popeza m'chinenero chakale cha kumeneko muli mawu awiri ofanana kalembedwe, lina lotchulidwa mokoka lotanthauza vinyo ndi lina lalifupi lotanthauza dambo la udzu. Akatswiri ambiri a chinenerocho anakana, chifukwa liwu la msipulo linali litasiya kale kugwiritsidwa ntchito potcha malo atsopano pamene Iceland ndi Greenland ankalandira anthu. Ine ndimaona kuti pamenepa munthu wamkuluyo anakhotetsa mawu kuti agwirizane ndi malo amene anali atawapeza, ndipo cholakwa chimenechi n'chimene chimabwerezedwa kawirikawiri pa nkhani yonseyi.

Yankho labwino linatuluka m'dambo lonyowa la pafupi ndi nyumbazo, mmene zinyalala za akalipentala a Chinorse zinasungika osaola. Pakati pa tizipalapasa ta mitengo anapezamo mtedza utatu wa mtengo wotchedwa butternut pamodzi ndi chinuna cha mtengo womwewo chodulidwa ndi chitsulo. Ndichenjezeretu kuti awa si maungu a butternut amene timagula m'masitolo. Ndi mtengo waukulu wa mtedza wolimba chikamba. Mtengo umenewu ku Newfoundland sumera, ndipo malire ake a kumpoto ali cha ku New Brunswick ndi m'chigwa cha mtsinje wa St Lawrence, makilomita mazana ambiri kumwera. M'madera omwewo ndi mmene mumameranso mphesa zakutchire, moti Jacques Cartier atafika mumtsinjewo mu 1535 anatcha chilumba china dzina la Bacchus, mulungu wa vinyo wa Aroma, chifukwa cha kuchuluka kwa mphesa. Amene anatola mtedzawo anayenda m'nkhalango ya mphesa pa nyengo imene zipatso zonsezo zimapsa.

Birgitta Wallace, amene anagwira ntchito pamalowa zaka zambiri, anafotokoza kuti L'Anse aux Meadows sanali mudzi wa alimi koma msasa waukulu wapakhomo pa dziko, pamene anthu 70 mpaka 90 ankagonera nyengo yozizira, kukonza ngalawa, ndi kuunjika katundu wochokera kumwera asanamutumize ku Greenland. Umboni wake ndi zimene zikusowa: palibe makola a ziweto, palibe manda, ndipo dzala lake n'laling'ono kwambiri, kusonyeza kuti anakhalapo zaka zochepa chabe. Zimene zilipo zochuluka ndi zidutswa za misomali ya ngalawa, pafupifupi 100, zodulidwa pochotsa matabwa owonongeka. Mwa kuona kwake Vinland linali dziko lonse lozungulira nyanja ya St Lawrence, msasawu ndi umene Saga ya Erik imautcha Straumfjord, ndipo Hóp, malo a mphesa ndi nsomba zambiri pamene anamenyana ndi eni nthaka, anali cha ku Miramichi ku New Brunswick. Mbali yomalizayi ndi maganizo chabe, popeza kumeneko sikunapezekeko ngakhale msomali umodzi.

Bambo Phiri

Ndakhala ndikutsatira mwachidwi, koma ndikudabwa kuti nonse mukunena ngati umboni uli pamalo amodzi okha. Ine ndinaonera pulogalamu ina pa kanema yonena za mwala wa Kensington ku Minnesota, wolembedwa zilembo za Chinorse ndi chaka cha 1362, komanso za mapu a Vinland a ku yunivesite ya Yale amene amaonetsa gombe la America Columbus asanabadwe. Palinso nsanja yamiyala ya ku Newport. Kodi si zoona kuti akatswiri a m'mayunivesite amangokana chilichonse chimene chapezedwa ndi anthu wamba, pofuna kuteteza zimene analemba kale?

Tamanda

Bambo Phiri, George Decker anali msodzi wamba ndipo zimene iye analoza zinavomerezedwa, choncho vuto si kuti wapeza ndani koma kuti chinthucho chikayesedwa chikupirira kapena ayi. Mwala wa Kensington unatulukira mu 1898 m'munda wa Olof Ohman, mlimi wochokera ku Sweden, m'dera lodzaza anthu ochokera ku Scandinavia, pa nthawi imene anthuwo ankalimbana kuti aoneke ngati eni mbiri ya America. Akatswiri a zilembozo a ku Scandinavia komweko, amene akanakhala oyamba kunyadira, ndi amene anaona kuti chinenero chake chikufanana ndi Chiswidishi cha m'ma 1800 osati cha m'ma 1300. Mapu a Vinland analengezedwa ndi Yale mu October 1965, tsiku la Columbus litangotsala pang'ono, ndipo mu 2021 Yale yomweyo inavomera poyera kuti ndi achinyengo, chifukwa inki yake ili ndi mankhwala a titanium a mtundu umene unayamba kugwiritsidwa ntchito m'ma 1920. Yunivesite imene inali ndi chifukwa chachikulu chowatetezera ndiyo inawagwetsa.

Nsanja ya Newport ku Rhode Island ndiyo yophunzitsa kwambiri. Carl Christian Rafn wa ku Denmark, amene mu 1837 anasindikiza masagawa kuti dziko liwadziwe, anakhulupirira kuti Vinland anali ku New England, ndipo pambuyo pake ananena kuti nsanjayo ndi ya anthu a Norse ngakhale kuti iye sanaiponde n'komwe. Atakumba pansi pake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 anapeza zinthu za nthawi ya atsamunda a Chingerezi, ndipo bwanamkubwa Benedict Arnold, m'chikalata chake cha masiye cha 1677, anaitchula kuti ndi chigayo chake chamiyala choyendera mphepo. Kenaka panabwera Eben Norton Horsford, pulofesa wa ku Harvard amene analemera ndi malonda a ufa wotupitsira buledi. Iye anatsimikiza mumtima kuti Leif anamanga nyumba m'mphepete mwa mtsinje wa Charles, anaika mwala wachikumbutso ku Cambridge, ndipo mu 1889 anamanga nsanja ya Norumbega yokumbukira mzinda wa Chinorse umene sunakhaleko. Onsewa anali anthu ophunzira amene anayamba ndi yankho n'kumakafuna miyala yoti iwavomereze.

Bambo Phiri

Za mapu ndagonja, popeza eni ake anavomera okha. Nanga kandalama ka ku Maine? Ndinamva kuti kameneko ngakhale okayika amati n'kenikeni.

Mayi Nachisale

Kandalamako n'kenikenidi, bambo Phiri. Ndi kasiliva ka mfumu Olaf Kyrre ya ku Norway, imene inalamulira kuyambira 1067 mpaka 1093, ndipo akuti kanapezeka mu 1957 pamalo otchedwa Goddard, pamene panali mudzi waukulu wa eni nthaka. Koma kandalama kamayenda popanda mwini wake. Pamalo omwewo panapezeka miyala yosemera zida yochokera ku Ramah, kumpoto kwenikweni kwa Labrador, kusonyeza kuti mudziwo unali pa njira ya malonda yotalika kwambiri, ndipo ngakhale anakumba kwambiri sanapezenso china chilichonse cha Chinorse. Ngati kanafikadi kumeneko kalelo, kakutiuza kuti anthu a Norse ankafikabe m'magombe a kumpoto zaka makumi angapo pambuyo pa Leif, osati kuti anamanga ku Maine. Zimenezi zikugwirizana ndi mabuku a zochitika za chaka ndi chaka a ku Iceland, amene amati mu 1347 kunafika kangalawa ka ku Greenland kamene kanapita ku Markland n'kukankhidwa ndi mphepo pobwerera.

Kuti musaganize kuti olakwitsa ndi akale okha, ndikuuzeni za Point Rosee, kumwera chakumadzulo kwa chilumba chino. Sarah Parcak, katswiri wodziwika pofufuza mabwinja a ku Egypt ndi zithunzi za setilaiti, anaona zizindikiro pansi zooneka ngati makoma. Atakumba pang'ono mu 2015 anapeza chimene chinkaoneka ngati khoma la zigulumwa ndi malo ootchera mtapo wa chitsulo, ndipo mu 2016 nkhaniyo inafalikira pa kanema ndi m'manyuzipepala padziko lonse kuti papezeka malo achiwiri. Anthu kuno anasangalala kwambiri, ndipo ena anayamba kuwerengera za alendo odzaona malo. Atabwerera kukakumba mokwanira, lipoti limene anapereka ku boma la chigawochi mu 2017 linanena mosabisa kuti palibe umboni wa anthu a Norse, ndipo zimene zinaoneka ngati ntchito ya manja zinali zachilengedwe. Ine ndimawalemekeza chifukwa cholemba okha lipoti lodzitsutsa, koma n'zomvetsa chisoni kuti anthu amene anamva za kupezekako ndi ochuluka kuposa amene anamva za kutsutsidwako, ndipo mpaka lero ndimakumana ndi anthu onena za Point Rosee ngati nkhani yotsimikizika.

Mayi Nangondo

Ine ntchito yanga ndi ya mu labotale, ndipo ndikufuna kuwonjezera mbali imene sinadalire saga m'pang'ono pomwe. Kwa zaka zambiri kuyeza zaka ndi njira ya carbon-14 kunkangopereka nyengo yotakata ya L'Anse aux Meadows, mwina zaka 200 kapena kuposa, ndipo makala ena ankaoneka akale kwambiri chifukwa anthuwo ankasonkha nkhuni zokokoloka ndi nyanja zimene zinali zitafa kalekale. Chaka chenicheni ankachitenga m'masaga, kenaka n'kumanena kuti nthaka yatsimikizira masaga, komwe kuli kuzungulira pamalo amodzi.

Zinthu zinasintha ndi kafukufuku wa Margot Kuitems ndi Michael Dee a ku yunivesite ya Groningen, amene anatuluka m'magazini ya Nature mu October 2021. Mtengo wa m'maiko ozizira umawonjezera mzere umodzi wozungulira mkati mwa thunthu chaka chilichonse. M'chaka cha 993 dziko linawombedwa ndi mphamvu yochuluka yochokera kumwamba, imene ambiri amati inali mkuntho wa padzuwa, ndipo carbon-14 anakwera mwadzidzidzi mumpweya, moti mtengo uliwonse umene unali moyo chaka chimenecho, kulikonse padziko, uli ndi chidindo chimenecho pa mzere wake wa chakacho. Ofufuzawo anatenga zidutswa zitatu za mitengo itatu yosiyana zochokera pamalowa, zonse zokhala ndi zipsera za mpeni kapena nkhwangwa yachitsulo, ndiponso zokhala ndi mzere womaliza wa pansi pa khungwa. Anafufuza mzere wa 993 n'kuwerenga kutuluka mpaka pakhungwa, ndipo zitatu zonse zinathera pa chaka chimodzi, 1021.

Tanthauzo lake tisalikulitse. Sizikunena kuti anafika mu 1021 kapena kuti anachoka mu 1021. Zikunena kuti chaka chimenecho munthu wokhala ndi chida chachitsulo anadula mitengo pamenepo. Koma chakachi chili pafupifupi zaka 20 pambuyo pa nthawi imene ambiri ankaiwerengera kuchokera m'masaga, ndipo zimenezi zikusiya mafunso awiri otseguka: mwina maulendowo anachitika mochedwerapo kusiyana ndi mmene tinkaganizira, kapena anapitirira nthawi yaitali kuposa mmene nkhanizo zikukumbukira.

Bambo Jere

Mfundo ya mayi Nangondo yakuzungulira pamalo amodzi yandikumbutsa za Greenland, kumene kuwerenga dzina molakwika kunasocheretsa anthu kwa zaka mazana. Zolemba zakale zimanena za midzi iwiri ya anthu a Norse, Mudzi wa Kum'mawa ndi Mudzi wa Kumadzulo, imene inayamba pamene Erik Wofiira ananyamuka ku Iceland cha mu 985 ndi ngalawa 25 n'kufika ndi 14 zokha. Uthenga womaliza wodalirika wochokera kumeneko ndi wa ukwati umene unachitikira m'tchalitchi cha Hvalsey mu 1408. Hans Egede atafika mu 1721 kudzafuna Akhristu otayikawo anapeza mabwinja okhaokha kugombe la kumadzulo, koma anthu ku Denmark anapitiriza kukhulupirira kuti Mudzi wa Kum'mawa uli kugombe la kum'mawa, kuseri kwa madzi oundana, ndipo mwina anthu ake adakali moyo. Wilhelm Graah anayenda gombe loopsalo m'mabwato achikopa a Ainuit mu 1829 ndipo sanapeze kanthu. Zoona zake zinali zakuti midzi yonse iwiri inali mbali ya kumadzulo, ndipo wa Kum'mawawo unali chabe kumwera chakum'mawa kwa unzake, pamabwinja omwe aja anthu ankawadutsa.

Koma Greenland yemweyo ali ndi chitsanzo chokomera masaga. Saga ya Erik imati mkazi wake Thjodhild atalowa Chikhristu anamanga katchalitchi chapatali pang'ono ndi nyumba za ku Brattahlid, famu ya Erik, ndipo anakana kugona ndi mwamuna wake wachikunjayo, zimene zinamuwawa kwambiri mkuluyo. Pamene ankafukula ku Qassiarsuk, kumene ambiri amati ndiko kunali Brattahlid, mu 1932 katchalitchiko sanakapeze. Mu 1961 anthu okumba maziko a nyumba yogona ana asukulu anatulutsa chigaza cha munthu, ndipo atafukula bwino anapeza katchalitchi ka zigulumwa ka mamita pafupifupi 2 m'lifupi ndi 3.5 m'litali, kozunguliridwa ndi mafupa a anthu oposa 140 a nthawi yoyambirira ya mudziwo, chapatali pang'ono ndi nyumba zikuluzikulu monga momwe saga inanenera.

Tamanda

Chitsanzocho n'chokongola, bambo Jere, koma taonani kuti pakatchalitchipo sipanapezeke dzina la Thjodhild. Chimene nthaka yanena n'chakuti panali katchalitchi kakale kwambiri pafupi ndi famu yaikulu. Dzinalo taika ndife, ndipo ngakhale zakuti Qassiarsuk ndiye Brattahlid zakhala zikutsutsidwa ndi ofufuza ena ochepa. Sindikunena kuti n'zabodza, ndikungonena kuti tizisiyanitsa chimene chatuluka pansi ndi chimene tachinyamula kuchokera m'buku.

Pamene ndimavomereza popanda kuwiringula ndi pa munthu wa m'chitsime wa ku Trondheim. Saga ya mfumu Sverre imati mu 1197 adani ake atalanda linga la Sverresborg anaponya mtembo m'chitsime n'kuchidzaza ndi miyala. Mu 1938 mafupa a mwamuna anapezeka pansi pa miyala m'chitsime chomwecho, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2024 anasonyeza kuti zaka zake zikugwirizana ndi nthawiyo, ndiponso kuti makolo a munthuyo anali a kumwera kwenikweni kwa Norway. Kusiyana kwake n'kwakuti saga imeneyo inalembedwa pafupi kwambiri ndi zochitikazo, ndipo linga ndi chitsime sizinasowepo. Masaga a Vinland akunena za magombe amene olembawo sanawaonepo, patapita zaka zoposa 200.

Kwathu tili ndi chofanana nacho pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. Mbiri yapakamwa ndiyo inasunga dzina ndi dera la likulu la a Kalonga, ndipo Yusuf Juwayeyi atafukula anapeza mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, zinthu za malonda akutali zimene nkhani za akuluakulu sizikanatha kuzifotokoza mwatsatanetsatane chotero. Mtedza wa butternut uja ndi wa mtundu womwewo, popeza palibe saga imene imautchula.

Aphunzitsi Mbewe

Ndathokoza nonse, ndipo funso langa loyamba ndaliona kuti ndinalifunsa mokhota, chifukwa ndinkafuna kuti Vinland akhale mudzi umodzi woti munthu n'kuuloza ndi chala. Komabe chinthu chimodzi chikundivutabe. Ngati anthuwo anatoladi mtedza ku New Brunswick, ndiye kuti anagona kumeneko masabata kapena miyezi, anasonkha moto, anadula mitengo. N'chifukwa chiyani patatha zaka zoposa 60 chipezekereni L'Anse aux Meadows, ndi zida zonse zamakono zimene mayi Nangondo afotokoza, Hóp sanapezekebe? Kodi sitinganene kuti kusapezekako ndi umboni wakuti malowo kunalibe?

Mayi Nachisale

Sindikuganiza choncho, aphunzitsi, ndipo chifukwa chake chili m'mawu a masaga omwewo. Amasiyanitsa nyumba zikuluzikulu zogonamo nyengo yozizira ndi misasa yachidule, imene inali timakoma tatifupi tofoleredwa ndi nsalu, monga mmene ankachitira pa msonkhano wa pachaka ku Thingvellir ku Iceland. L'Anse aux Meadows anaoneka chifukwa makoma ake anali okhuthala kwambiri, nyumba yaikulu koposa inali yotalika pafupifupi mamita 29, ndipo pamalopo sipanadutsepo khasu la mlimi kwa zaka 900. Msasa wa miyezi iwiri ya chilimwe, womangidwa m'dziko la nkhalango mmene mitengo ndi yosavuta kupeza kuposa zigulumwa, sungasiye zoterozo. Liwu lakuti hóp limatanthauza thamanda la m'mphepete mwa nyanja lotchingidwa ndi mchenga, limene madzi amalowamo ndi kutulukamo, ndipo magombe oterowo a ku New Brunswick ndi amene amasuntha ndi kukokoloka chaka ndi chaka, moti pamene panali mtunda mu 1021 mwina lero pali madzi.

Palinso nkhani ya chiwerengero cha anthu, imene Wallace anaigogomezera. Greenland yense pa nthawiyo anali ndi anthu mazana ochepa chabe, ndipo kutumiza anthu 70 kapena 90 amphamvu zawo kwa chaka chathunthu kunali kale kulanda manja ambiri m'minda ndi m'makola. Sakanatha kumanga msasa wachiwiri waukulu chomwecho. Chimene chingapezeke kumwerako, ngati chilipo, ndi msomali wa ngalawa kapena mkanda umodzi m'dzala la mudzi wakale wa makolo a Ami'kmaq, eni nthaka a deralo, ndipo kufukula malo otero kumafuna chilolezo ndi mgwirizano wa eni akewo, amene ali ndi mafunso awoawo okhudza makolo awo osiyana ndi funso la Leif. Pakadali pano umboni watsopano ukuchokera mbali inayo ya nyanja: kafukufuku wa Lísabet Guðmundsdóttir amene anatuluka mu 2023 anapeza kuti pakati pa matabwa a m'mafamu akuluakulu a ku Greenland muli zidutswa za mitengo ya hemlock ndi jack pine, imene kwawo ndi ku North America.